Dazeni, grosa, lata ndi thumba: kodi ziwerengero zanga zikusokonekera pati?

Mayi wina wa ku Domué, m'boma la Angónia, watilembera motere: "Ndili ndi kagolosale pafupi ndi msika. Katundu ndimakapikula ku Ulónguè, nthawi zina ku Tete, ndipo nyengo yokolola ndimagulako chimanga kwa alimi n'kumasunga. Vuto langa ndi kuwerengera. Ku armazém, sitolo yopikulitsa katundu, amanditchulira mitengo ya dúzia, grosa, caixa ndi fardo, ine n'kumangovomera. Tsiku lina ndinagula grosa ya mapensulo ndikuganiza kuti muli 100, ndinaika mtengo wokwera ndipo sanayende. Mazira ndimagula pa thireyi koma ena amafuna pa dazeni. Chondiwawa kwambiri ndi chimanga. Ndinagula malata 30 mu April, lililonse 250 MT (metikali), ndikudziwa kuti malata atatu ndi thumba limodzi. Pokagulitsa mu August pa sikelo anangokwana matumba 9 ndi kotsala pang'ono. Kodi anandibera, kapena ndine amene sinditha masamu?"

Mayi, mtima pansi. Masamu mumawatha, chifukwa munthu wosatha masamu sakanazindikira n'komwe kuti thumba lakhumi lasowa. Chimene chakusokonezani n'chakuti mawu onsewa amatchulidwa ngati ndi a mtundu umodzi, pamene si choncho. Ena ndi manambala enieni amene sasintha kulikonse mungapite. Ena ndi maina chabe a zolongezera, ndipo za mkati mwake amasankha ndi amene analongeza. Ndiye pali miyeso ya zotengera monga lata, chigoba, thumba ndi ngolo, imene imanena za malo amene katundu watenga, koma ogula akuluakulu amalipira kulemera kwake. Mukamva liwu lililonse pa malonda, yambani mwadzifunsa kuti lili m'gulu liti, kenako mulitsitse mpaka pa chinthu chimodzi kapena pa kilo imodzi. Mtengo umene mungaukhulupirire ndi wa pamenepo.

Tiyambe ndi zosasintha. Dazeni, imene pa Chipwitikizi amati dúzia, ndi zinthu 12, ndipo meia dúzia ndi 6. Grosa ndi madazeni 12, ndiye kuti zinthu 144. Cento ndi 100, zana lathu lija, ndipo milheiro ndi 1000, chikwi, liwu limene mudzalimva kwambiri kwa oumba njerwa. Resma ya mapepala ndi mapepala 500, ndipo katoni yake imakhala ndi maresma 5, mapepala 2500. Paketi ya ndudu imakhala ndi 20, ndipo mapaketi 10 omangidwa pamodzi ndi ndudu 200. Thireyi ya mazira ndi 30. Awa mungawaloweze pamtima, ndipo wogulitsa akakupatsani zinthu 100 n'kumati ndi grosa, walakwitsa kapena akukuyesani.

Mwina mumadabwa kuti bwanji amalonda anakonda 12 pamene zala zathu ndi khumi. Makolo athu ankawerenga ndi dzanja, n'chifukwa chake timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi, makumi, zana. Koma 10 imagawika ndi 2 ndi 5 basi, pamene 12 imagawika ndi 2, 3, 4 ndi 6. Anthu atatu kapena anayi akasonkherana kugula dazeni ya mbale amagawana popanda yotsala, ndipo m'bokosi zinthu 12 zimayalika bwino m'mizere itatu ya zinayizinayi. Ndi ubwino wa wolongeza ndi wopikulitsa umenewo. Inu wogulitsa chimodzichimodzi ntchito yanu ndi kuibweza dazeniyo ku chinthu chimodzi.

Njira yake ndi iyi. Pochoka pa muyeso waukulu kupita pa waung'ono mumachulukitsa. Magrosa 2 ndi 2 kuchulukitsa ndi 144, zinthu 288. Pochoka pa waung'ono kupita pa waukulu mumagawa, n'kusamala zotsala. Tinene kuti muli ndi makandulo 500. Mukagawa ndi 144 mupeza magrosa 3, omwe ndi 432, kutsala 68. Mu 68 muli madazeni 5, omwe ndi 60, kutsala 8. Ndiye makandulo 500 ndi magrosa 3, madazeni 5 ndi makandulo 8. Pa mitengo, gawani ndalama ndi chiwerengero cha zinthu. Grosa ya mapensulo itakhala 1080 MT, pensulo imodzi yakudyerani 7,50 MT ndipo dazeni yake ndi 90 MT. Inu munagawa ndi 100 n'kupeza 10,80 MT, munaonjezapo phindu, ndiye mnzanu wa pafupi amene ankagulitsa 10 MT anakulandani ana onse a sukulu chikhalirecho akupindula. Muonenso apa: bokosi la mapensulo 100 la 800 MT limaoneka lotchipa kuposa grosa ya 1080 MT, koma pensulo yake ndi 8 MT, yodula kuposa ya mu grosa.

Foni imathandiza, koma ili ndi msampha umene umagwetsa ngakhale ophunzira. Mukagawa 500 ndi 12 ikuonetsani 41,67. Zimenezi sizikutanthauza madazeni 41 ndi zinthu 67, kapena 6, kapena 7. Kanambala ka kumapetoko ndi gawo la dazeni, ndipo kuti mudziwe zinthu zake mukachulukitse ndi 12: 0,67 kuchulukitsa ndi 12 ndi 8. Chimodzimodzi madazeni 2,5 ndi zinthu 30, pamene madazeni 2 ndi zinthu 5 ndi 29. Pamenepanso samalani ndi kalembedwe. Kuno ku Mozambique malisiti amalemba 1.500,00 kutanthauza chikwi chimodzi ndi mazana asanu, pamene ku Malawi ndalama yomweyo amailemba 1,500.00, ndipo mafoni ena amatsata kalembedwe kachiwirika. Amene amapikula mbali zonse ziwiri za malire, ku Calómuè ndi ku Dedza, kapena ku Zóbuè ndi ku Mwanza, ayenera kuyang'ana kawiri pamene pali kadontho asanalipire.

Mazira ndi osavuta mukangogwira mfundo yakuti mathireyi awiri ndi madazeni asanu. Mathireyi 10 ndi mazira 300, madazeni 25. Katoni yaikulu ya mathireyi 12 ndi mazira 360, madazeni 30. Thireyi mutaigula 270 MT, dzira ndi 9 MT ndipo dazeni ndi 108 MT. Koma msewu wochoka ku Ulónguè kufika kwanu sunyamula mazira mwaulemu. Akasweka awiri pa thireyi, ndalama yomweyo mukuigawa ndi 28, ndipo dzira lafika 9,64 MT. Werengani oswekawo maulendo angapo, mudziwe kuti nthawi zambiri amasweka angati, ndipo mtengo wanu uziyambira pa mazira amene amafika amoyo.

Pali kachinthu kena pa dazeni kamene kamayambanitsa anthu: zinthu zoyenda ziwiriziwiri. Dazeni ya masokosi kapena ya nkhwayira nthawi zambiri imatanthauza mapeya 12, ndiye kuti zidutswa 24. Mabatire ena amawerengedwa pa peya, ena limodzilimodzi. Funsani musanatulutse ndalama: khumi ndi ziwirizo ndi pares kapena unidades?

Tsopano zolongezera. Caixa, kesi, katoni, fardo, belo, paketi, zonsezi sizinena nambala. Kesi ya zakumwa za mabotolo aang'ono imakhala ndi 24, madazeni awiri, pamene ya mabotolo aakulu a mowa kawirikawiri imakhala ndi 12, ndipo simufunika kufunsa, ingowerengani zipinda zake, m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi. Musaiwale kufunsa ngati mtengowo ukuphatikiza mabotolo ndi kesi yopanda kanthu, chifukwa ndalama ya chikole imeneyo si ya chakumwa ndipo simuyenera kuiika pa mtengo wa botolo ngati mudzaibwezeredwa. Katoni ya sopo, ya bisiketi kapena ya machesi imasiyana kampani ndi kampani, ndipo kampani yomweyo imatha kuchepetsa za mkati mtengo n'kuusiya pomwepo. Pambali pa katoni pamalembedwa, mwachitsanzo, 20 x 1 kg kapena 24 x 250 g. Nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa zinthu, yachiwiri ndi kukula kwa chilichonse. Nthawi zina pamakhala manambala atatu, monga 10 x 12 x 50 g, kutanthauza mapaketi 10, iliyonse ya zinthu 12, chilichonse cha magalamu 50, zonse pamodzi 120. Chizolowezi chabwino n'kutsegula katoni imodzi pa armazém pomwepo kapena mukangofika pakhomo, kuwerenga, n'kulemba m'kope tsiku, dzina la katundu, za mkati ndi mtengo wa chimodzi. Pakatha miyezi itatu kopelo limakuuzani nokha amene wachepetsa katundu mwakachetechete.

Tibwere ku chimanga, kumene kwapita ndalama zanu zambiri. Lata (ena amati chitini kapena ndowa, ndipo tikati malata pano sitikunena ofolera nyumba) ndi muyeso wa malita 20. Lita imayeza malo. Madzi okha ndi amene lita imodzi imalemera kilo imodzi ndendende. Chimanga chouma chotonola chimalemera pafupifupi magalamu 750 pa lita, choncho lata losalaza pakamwa limakhala ndi makilo 15 kapena kucheperako pang'ono. Makilo 17 kapena 18 amene anthu amatchula amabwera chifukwa cha mulu wa pamwamba uja. Ndiye mawu akuti malata atatu ndi thumba limodzi ndi oona pokhapokha malatawo ali ounjika bwino, chimanga chili chouma ndiponso chopeta. Malata atatu osalaza ndi makilo 45, thumba la makilo 50 silinakwane.

Tiyeni tiwerengere zanu. Tinene kuti lata lililonse mu April linkalemera makilo 17. Malata 30 ndi makilo 510, matumba 10 ndi makilo 10 apamwamba, monga munkayembekezera. Koma chimanga cha mu April ku mapiri a Angónia chimakhala chisanaumitsitse. Chinyezi chake chimatha kukhala 18 pa 100 kapena kuposa, pamene chosunga chimafunika kufika pa 13. Kuwerengera kwake n'kotere: chotsani chinyezi choyamba pa 100, mupeza 82, chotsani chachiwiri pa 100, mupeza 87, ndiye makilo anu muchulukitse ndi 82 n'kugawa ndi 87. Makilo 510 asanduka 481. Makilo 29 anali madzi, ndipo anapita ndi dzuwa la June ndi July. Popeta pachoka mankhusu, tizidutswa ta zitsononkho, mchenga ndi njere zoola, mwina makilo awiri pa 100 alionse, ndiye mwatsala ndi makilo pafupifupi 471. Amenewo ndi matumba 9 ndi makilo 21, ndendende zimene munaona. Ngati anankafumbwe analowamo, chiwerengero chimatsikanso, ndipo choipa chake n'chakuti chimanga chofumbwa chimadzazabe lata chifukwa njere ndi zogoba mkati, koma pa sikelo chimapepuka. Sindinganene kuti sikelo ya wogulayo inali yolungama popeza sitinaiyese, koma kusowa kwa thumba lanu kukufotokozeka popanda wakuba.

Onani tsopano zimene zimenezi zikuchita ku mtengo. Munalipira 7500 MT. Mukagawa ndi makilo 510 mumaona ngati kilo mwaigula 14,70 MT, ndipo wogula akatchula 16 MT pa kilo mumasangalala. Koma makilo amene mudzagulitse ndi 471, ndiye kilo yakudyerani 15,90 MT. Pa 16 MT mulandira 7536 MT, phindu la 36 MT musanachotse matumba, mankhwala osungira, ngolo kapena galimoto, ndi miyezi inayi imene mpamba wanu unagona m'nyumba. Choncho pogula chimanga chachiwisi muziwerengera lata ngati makilo 15 ndi theka kapena 16, ndipo mtengo muzinenerera kuchokera pamenepo. Kuti mudziwe ngati chauma, lumani njere: youma imathetheka ndi phokoso, yachinyezi imaphwanyika mofewa. Njira ina ndi ya mchere. Ikani chimanga chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, thiranimo supuni ziwiri za mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani, ndipo musiye kwa mphindi zingapo. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi ochuluka.

Lata lenilenilo nalonso liyesedwe. Pamsika pali malata ogulira ndi malata ogulitsira, ndipo aliyense amadziwa. Logulira limakhala lotukumuka m'mimba, kapena ndowa yapulasitiki imene inafutukulidwa ndi madzi otentha. Logulitsira limakhala lophwanyika m'mbali kapena lokankhidwa pansi kuti lilowe mkati. Ngakhale ndowa yatsopano yolembedwa malita 20 nthawi zambiri imalowa oposa pamenepo mukaidzaza mpaka pakamwa. Kukula kwa kukamwa nakonso kumasintha zinthu, chifukwa ndowa yotambalala kukamwa imasenza mulu waukulu kuposa chitini chopapatiza. Yesani lanu ndi madzi: tengani botolo la lita imodzi kapena chigubu cha malita asanu chimene muli nacho chikhulupiriro, muwerenge kuti zilowa zingati. Mukatero dzazani chimanga chouma monga mumadzazira pogula, mukhuthulire m'thumba, muyeze pa sikelo. Chitani katatu, phatikizani, gawani ndi 3. Nambala imeneyo ndi kulemera kwa lata lanu, ndipo ilembeni ndi penti pa lata lomwelo. Pogula muzinyamula lanulo nthawi zonse.

Ntchito imeneyi muibwereze pa mbewu iliyonse, chifukwa lata limodzi lomwelo limalemera mosiyana. Nyemba zimalemera kuposa chimanga pang'ono, lata losalaza limafika makilo 15 ndi theka kapena 16. Soya ali pafupi ndi chimanga. Mtedza wosenda ndi makilo pafupifupi 13, koma wa makoko ndi makilo 5 kapena 6 okha, ndipo pamafunika malata atatu a makoko, nthawi zina kuposerapo, kuti mupeze lata limodzi la wosenda. Pa kulemera, makilo 10 a mtedza wa makoko amatulutsa pakati pa 6 ndi theka ndi 7 a njere. Ufa ndi wopepuka, makilo 11 kapena 12 pa lata, n'chifukwa chake lata la chimanga cha mgaiwa limabwera kuchokera ku chigayo litaoneka ngati lachuluka. Mafuta ophikira a malita 20 amalemera makilo 18 ndi kanthu, osati 20. Manambala awa akuthandizeni kuyerekeza, koma a sikelo yanu ndi amene muziyendera.

Chigoba cha malita asanu, chimene a ku Chifunde ndi ena oyandikana ndi Zambia amachidziwa kuti meda, chimalowa kanayi mu lata ngati zonse zili zosalaza. Mukamagula pa lata n'kumagulitsa pa chigoba kapena pa kapu, musadalire nambala ya 4 imeneyi musanayese. Dzazani lata, muyeze ndi chigoba chanu monga mumayezera kasitomala, mulu wake womwewo, ndipo muike pambali kadzanja ka basela nthawi iliyonse. Ambiri amapeza kuti chigoba chachinayi sichikwana. Basela ndi mwambo wabwino ndipo amasunga makasitomala, koma amachokera m'thumba lanu, ndipo wogulitsa pa kapu amapereka basela kambirimbiri kuposa wogulitsa pa lata. Chimodzimodzi kapenta wa ku Cahora Bassa, mchere kapena mpunga: musanaike mtengo wa kapu, werengani makapu amene akutuluka m'thumba loyamba mpaka pansi, ndi fumbi lotsala lomwe.

Liwu lakuti thumba ndi limene limanamiza kwambiri. Thumba la fetereza kapena la simenti lotsekedwa ku fakitale ndi makilo 50, ndipo matumba 20 otere ndi tani imodzi, makilo 1000. Koma thumba lomwelo likatha fetereza n'kuthiramo chimanga, limalandira monga mwalisindikizira ndi posokera pake. Lina limakhala makilo 48, lina 55, ndipo wogula pa thumba osayeza amasankha lotsendereka. Akuluakulu ena akati thumba amanena la makilo 90, limene linachokera ku thumba la mapaundi 200 la nthawi ya Angerezi ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo mawuwo anaoloka malire pamodzi ndi anthu. Mukamva nkhalamba ikuti munda uwu unkatulutsa matumba 20, funsani kuti a mtundu uti musanayerekeze ndi zokolola za lero. Matumba a mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi a makala m'mbali mwa msewu amasokereredwa mutu pamwamba ndi luzi kapena ukonde, ndipo kukula kwa mutuwo kumasintha ndi nyengo: katundu akachuluka mutu umakula, akasowa umafota mtengo uli womwewo. Pamenepo palibe nambala yoti ndikupatseni, koma kukhuthula thumba limodzi n'kuwerenga malata ake. Mukamva za arroba kwa amene anagwira ntchito ndi Apwitikizi, imeneyo ndi makilo 15.

Ngolo nayo ndi dzina chabe, chifukwa akalipentala sakhoma zofanana. Koma ingayezedwe. Tengani tepi, yezani mkati mwa bokosi lake m'masentimita, m'litali, m'lifupi ndi kuya, chulukitsani zitatuzo, gawani ndi 1000, mupeza malita. Ngolo ya 180 ndi 110 ndi 50 imalowa malita 990, pafupifupi malata 49 osalaza. Ngati mwadzaza chimanga chosenda makoko koma chosatonola, njere zake zimatenga theka la malowo, chifukwa malata awiri a chosatonola amatulutsa lata limodzi la njere. Ndiye mupeza malita 495, makilo pafupifupi 370, matumba 7 ndi kanthu. Chikakhala ndi makoko, kapena zitsononkho zili zazing'ono ndi zosadzaza bwino, zimachepa kuposa apa. Kuwerengera komweku kumagwira pa nkhokwe, kungoti yozungulira mumayeza mosiyana, ndipo chapafupi n'kuwerenga madengu amene akulowamo pothira, dengulo mutaliyeza kale.

Milu ya tomato, anyezi kapena nsomba zouma imawerengedwa chobwerera. Mwagula kesi ya tomato. Werengani onse, chotsani ophwanyika ndi amene adzaola asanagulidwe, chotsaninso a basela, ndipo otsalawo mugawe ndi amene mukufuna kuika pa mulu umodzi. Tomato 200, kuchotsa 30 oonongeka ndi 20 a basela, atsala 150, milu 30 ya asanuasanu. Ndalama ya kesi ndi thiransipoti muigawe ndi 30, osati ndi 40 imene mukanapeza mukanagawa 200 yonse. Popeza ndalama zachitsulo sizilola kukweza mtengo pang'onopang'ono, amsika amasintha kukula kwa mulu m'malo mwa mtengo, ndipo inunso mungatero: kuchoka pa asanu kufika pa anayi n'chimodzimodzi kukweza mtengo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Njerwa za pa milheiro musawerenge imodziimodzi. Ziunjikeni mwadongosolo, werengani za mzere umodzi wa pansi, chulukitsani ndi mizere yokwera, ndipo mugwirizane poyamba ngati zosweka zikuwerengedwa.

Sikelo yolendewera ya makilo 50 kapena 100 ndi chida chimene chimabweza ndalama yake msanga kwa aliyense wogula mbewu. Koma nayonso imanama. Musanapachike kanthu onani ngati muvi uli pa 0. Iyeseni ndi zinthu zodziwika: mapaketi asanu a shuga a kilo imodzi osatsegula ayenera kuonetsa 5, ndipo malita 20 a madzi oyezedwa bwino ayenera kuonetsa 20 kuphatikiza kulemera kwa chigubu. Yesani ndi katundu wopepuka ndi wolemera yemwe, chifukwa sipuling'i yotopa imalondola pa makilo 5 n'kuphonya pa 50. Pokagulitsa, yezani matumba anu kunyumba, lembani makilo pa thumba lililonse, ndipo pa sikelo ya wogula muime pamene mukuona muvi bwinobwino, thumba lisakhudze pansi kapena mwendo wa munthu. Ogula ena amachotsa kilo yathunthu pa thumba lililonse ati ndi kulemera kwa saka, pamene saka yapulasitiki yopanda kanthu siifika ngakhale kotala la kilo. Ena amataya makilo osakwanira, 49,6 n'kulemba 49. Pa matumba 40 tinthu timeneti timakwana thumba lathunthu, choncho zigwirizaneni musanatsitse katundu pa galimoto, nthawi imene mungathebe kukana.

Kumene miyeso imeneyi imadanitsa abale kwambiri ndi pa ngongole. Wina wabwereka thumba la fetereza mu December kuti adzabweze matumba atatu a chimanga mu May, kapena wabwereka malata asanu nthawi ya njala. Pobweza mkangano umabuka: thumba lanji, lata la ndani, lounjika kapena losalaza, chouma kapena cha kumunda? Lembani pa pepala makilo, kapena tchulani lata limene lidzagwiritsidwe ntchito ndi mwezi wobwezera, pakhale mboni ziwiri kapena mfumu. Pa ndalama napo, kumbukirani kuti mu 2006 metikali inasinthidwa, 1000 yakale n'kukhala imodzi yatsopano, ndipo alipo achikulire amene amatchulabe mitengo mwakale. Lembani nambala ndi MT pambali pake, muwerengere onse mokweza.

Ngati mwayeza kunyumba ndi sikelo yoyesedwa bwino ndipo ya wogula ikusiyana ndi yanu ndi kilo imodzi kapena kuposa pa thumba lililonse, musamangodandaula pa njira. Yambani ndi mkulu wa msika, amene angaitanitse sikelo yachitatu pamaso pa onse. Zikakanika, pitani ku ofesi ya SDAE ya boma lanu, imene imayang'anira ulimi ndi malonda, ndipo alangizi a kumeneko angakuthandizeninso pa za chinyezi ndi kasungidwe ka mbewu. Palinso nthambi ya boma imene imayendera malonda ndi kulandira madandaulo a ogula, pamene INNOQ ndi bungwe loona za miyezo ndi kutsimikiza masikelo m'dziko muno. Mukayamba kugulitsa pa tani, kapena wina akakupatsani pepala la mgwirizano lonena za makilo, chinyezi ndi magiredi, musasaine musanapeze munthu wodziwa Chipwitikizi ndi masamu amene sali mbali ya wogulayo kuti akuwerengereni mzere ndi mzere. Ngati kwanuko kuli gulu la alimi kapena la amayi a bizinesi, kusonkherana kugula sikelo imodzi yabwino n'kumaisunga kwa msungichuma n'kotchipa kuposa aliyense kugula yakeyake yosalimba.

Chaka chino, musanagule lata loyamba, yezani lanu katatu, lembani kulemera kwake, ndipo pa chimanga cha mu April ndi May muchotseretu makilo 8 pa 100 alionse musanatchule mtengo kwa mlimi. Wokubweretserani chouma ndi chopeta mu July mungamulipire mokwererako, chifukwa makilo ake adzafika pa sikelo onse.